Tsiku limene Dyna sanayankhe

Dyna Kachingwe ndi mayi waphuma, ndipo onse okwera naye basi ya m'mawa ku Thamesmead amamudziwa. Funso lisanathe, iye wayankha kale. Koma musamuseke. Kwawo ku Ntcheu munthu sankafunsidwa chimene akufuna kuphunzira. Unkangotchera khutu pa wailesi, dzina lako likatchulidwa n'kunyamula chikwama kupita kusukulu kumene akutumiza. Lake silinatchulidwe. Ndiye atabereka Cathy ku London kuno, anayamba kumutchula kuti nesi mwanayo asanamere n'komwe mano.

Mavuto anayamba Cathy atatsala pang'ono kumaliza sukulu. Nthawi yofunsira malo ku yunivesite inali kutha, koma mtsikanayo sankadziwa chimene akufuna. Sayansi ankaikonda, mbiri yakale ankaikonda, kujambula ndiye osanena. Tsiku lina atapita kukaona koleji, mphunzitsi anafunsa Cathy maganizo ake, Dyna n'kulumphira: "Za unesi, bambo." Kuyambira pamenepo Cathy anatseka pakamwa. Anangonena m'Chingelezi kuti sapitanso kulikonse, akafuna ntchito m'sitolo ku Peckham. Dyna zinamuwawa kwambiri, poti mwana ndi yekhayo.

Ntchito ya Dyna ndi yosamalira okalamba. Kuntchitoko kuli gogo Marjorie, amene mutu unayamba kuwasokonekera. Lamulo la ntchitoyo n'lakuti nkhalamba suisankhira chovala, umaionetsa n'kudikira. M'mawa wina Dyna anaimirira ndi majuzi awiri m'manja, gogowo akugwira ili, kusiya, kugwira ilo, kusiyanso. Tiyi anazizira. Dyna, waphuma yemwe uja, anangodikira, akumwetulira.

"Iwe sundithamangitsa," anatero gogowo. "Ana ako ali ndi mwayi."

Dyna anawaveka juzi, n'kupita kubafa kukalira.

Pa nthawi yopuma anayamba kuimbira foni makoleji, funso lake limodzi basi: mwana amene sanadziwe chochita mumamulandira? Ena ankati ayambe wasankha kaye. Kenako anapeza ina imene chaka choyamba ophunzira amalawa maphunziro osiyanasiyana ali ndi mlangizi, n'kudzasankha pambuyo pake. Cathy anavomera kupitako monyinyirika, ndipo ulendo wonse wa basi ndi sitima ankangoyang'ana pawindo.

Mlangiziyo, mayi waimvi, anafunsa Cathy chimene akufuna kuphunzira. Yankho linafika pamilomo pa Dyna. Analimeza, n'kufinya chikwama chake. Cathy anacheukira mayi ake, kudikira kuti amuyankhire monga mwa masiku onse. Dyna anangomuyang'ana.

"Sindikudziwa," anatero Cathy chapansipansi.

"Ambiri obwera kuno sadziwa," anatero mlangiziyo. "Tandiuza zimene umakonda."

Mwanayo anayamba mwachibwibwi, kenako mawu anangokhuthuka. Anati amajambula nkhope za anthu a m'basi. Anati amafuna kudziwa chifukwa chake mtsinje umasefukira. Anatinso magazi amawaopa, akawaona amachita chizungulire. Zimenezi Dyna anali asanazimvepo, chikhalirecho m'nyumba imodzi.

Atatuluka, Cathy anamugwira pamkono n'kufunsa m'Chichewa chake chopindikapindika: "Mami, mwakwiya?"

"Ayi, mwanangu," anatero Dyna, misozi ili lengelenge. "Ndinali ndisanakumvepo. Pitiriza, ndikumvetsera."