Pamene Panali Sikelo

Mayi Felesiya a ku Mitundu atungira amisiri omanga nyumba madzi kwa zaka zambiri, moti paliwombo pawo tsitsi linaleka kumera. Ganyu amachita kuwatsata kunyumba. Koma atamva kuti shedi yakale ya chimanga ija aisandutsa maofesi, anapita okha kukapempha ntchito.

Shediyo anaidziwa chaka cha njala, 2002. Anaima pamzere masiku awiri, mwana wawo Noah ali kumbuyo. Atafika pasikelo anamasula nsalu kuti alandiriremo chimanga, n'kupeza mwana atazizira kale. Anamugoneka pasimenti, pomwe panali mng'alu wonga phazi la nkhuku. Kumanda anamuika mothamanga, pakuti maliro anali a tsiku ndi tsiku, ndipo lero palibe angaloze mtumbira wake. Chinawatsalira ndi mng'aluwo. Akamadutsa ankasuzumira pachitseko chadzimbiri, akauona mtima n'kukhala pansi.

Amisiri anazula chitseko, anaboola mawindo, shedi yonse anaidula tizipinda khumi ndi tiwiri. Kaya anthu a masiku ano anadana chiyani ndi mpweya. Mayi Felesiya ankatula ndowa pambali pa mng'alu nthawi zonse. Masana ena ankamva nsalu ikuwakoka pachifuwa ngati abereka, chonsecho kumsana kulibe kanthu.

Tsiku loyala matailosi anapita kwa Esau, mkulu wa amisiriwo.

"Bambo, apa pokha simungapasiye? Ndi kamalo kochepa."

"Ofesi yachigamba, mayi? Angandichotse ntchito. Pali chiyani apa?"

Mayi Felesiya anangotembenuka. Ananyamula ndowa ulendo wa kumjigo. Madzi amene anakandira simenti ya pamalopo anatunga ndi iwowo.

Maofesi atatsegulidwa anawalemba ntchito yokolopa. M'mawa woyamba anayesa kuwerenga mapazi kuchokera pomwe panali chitseko chakale, nagunda khoma. Anayambira mbali ina, nagunda kabati. Matailosi onse oyera, onse ofanana. Anaima pakati pa kolido n'kulira osabisa, chifukwa zinawawawa ngati mwanayo wamwalira kachiwiri.

Atsikana a pamakompyuta amawaseka kuti mayiwa amavula nsapato pakhomo n'kumayenda monyang'ama m'zipinda monse. Mayi Felesiya sakudziwanso pamene anagoneka mwana wawo, ndiye paliponse amaponda pang'onopang'ono.