Nsapato ya Kumanzere

Abale ndi alongo mumpingo, patha miyezi itatu chiwaikire m'manda a Shumeka, bambo aja ankakhala pa benchi lomaliza pafupi ndi chitseko, amene ankaimba mokweza kuposa tonsefe koma osaigwira nyimbo ndi tsiku limodzi lomwe. Ambirife tinkangowadziwa ndi ntchito yawo yosoka nsapato. Mbiri yawo yeniyeni taimva mochedwa, kwa anthu awiri amene anali nawo m'masiku omaliza, ndipo onse awiri avomera kuti ilembedwe muno.

A Shumeka sanabadwire kuno. Anabadwira kutsidya kwa malire, m'banja la anthu opemphera, ndipo nkhondo inawapeza ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Asilikali anafika masanasana, anatulutsa bambo awo m'nyumba, kuwagwaditsa pabwalo ndi kuwawombera m'mutu ana akuona. Azichimwene awo awiri anaponyedwa mu lole ndipo sanamvekenso. Iwo anathawa ndi mayi awo, masiku khumi ndi limodzi akuyenda pansi opanda nsapato. Mayiwo anafika kuno mapazi atang'ambikang'ambika, mabala akutuluka mafinya, ndipo anamwalira mu tenti ya othawa nkhondo sabata isanathe. Munthu akawafunsa a Shumeka chimene anasankhira ntchito yawo, ankangoti, "Ndinaona zimene msewu umachita ndi phazi la munthu."

Atakula anapeza malo pakhonde la sitolo ina, pafupi ndi geti la msika. Katundu wawo anali benchi, bokosi la singano ndi ulusi, kahamala, mpeni, guluu ndi zidutswa za matayala. Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene sankachilengeza: nsapato iliyonse imene ankasoka, ankapempherera mwini wake mpaka ulusi utatha. N'chifukwa chake ankadziwa nsapato za m'dera lonse ngati ana awo. "Nkhope ndimaiwala," ankatero, "koma chidendene ayi." Tisawanamizire kuti anali ofatsa ngati nkhosa. Ukawabweretsera nsapato yothaitha, ankaitembenuza kawiri n'kunena kuti, "Iyi si nsapato, awa ndi maliro. Kaitaneni wansembe." Kenako ankaisoka ndithu, akung'ung'udza.

Anakwatira mayi wina wochokeranso kutsidya, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, wachisamba wamwamuna ndi mlongo wake. Loweruka lililonse a Shumeka ankasesa tchalitchi chathu, ndipo ankakalipira aliyense woponda pamene akolopa, ngakhale wansembe amene. Pofika nthawi imeneyo anali atakhala nafe zaka makumi atatu, komabe pakamwa pa anthu ambiri anali "obwera aja". Iwo ankaseka, koma zinkawawawa.

Chaka chimene fakitale yaikulu inatsekedwa, mphekesera inawanda yakuti obwera ndiwo alanda ntchito. Lolemba lina m'mawa chigulu cha anthu chinatsika ndi msewu wa kumsika chitanyamula zikwanje, zitsulo ndi zigubu za petulo. Ankaphwanya zitseko, kukokera anthu panja, kuyatsa mabenchi ndi katundu yemwe. Apolisi anaima pakona manja ali m'thumba. Mayi wa sitolo anawakokera a Shumeka mkati n'kuwabisa kuseri kwa matumba a sopo.

Wachisamba, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wobadwira konkuno, anali kuntchito yake yokonza magetsi. Atamva za chipolowe anathamangira kumsika kudzafuna bambo ake, ndipo chigulu chija chinamugwira pageti. A Shumeka anamva mawu a mwana wawo akukuwa kuti, "Bambo! Bambo!" Anadzambatuka kuti atuluke, koma mayi wa sitolo ndi mwamuna wake anawagwetsa pansi, kuwakhalira pamsana ndi kuwatseka pakamwa. Anamva chitsulo chikulira pathupi la munthu, kamodzi, kawiri, mpaka anasiya kuwerenga. Anamuluma mayi uja dzanja mpaka magazi, koma iye sanawasiye.

Kutakhala bata anatuluka. Anamupeza mwana wawo chafufumimba m'ngalande, mutu utaphwanyika, njerwa zamagazi zili mbwee pambali pake. Pomutembenuza anaona kuti dzanja lake lafumbata nsapato imene anaivula kuphazi kwa mmodzi wa omupha. Inali ya kumanzere, yofiirira, yokhala ndi chigamba chachikopa chofiira kuchidendene. Chigamba chimenecho anachisoka okha Lachisanu, akupempherera mwini wake. Mwini wakeyo anali Wang'oma, mnyamata woimba ng'oma mukwaya yathu, amene anabatizidwa tsiku limodzi ndi mwana wawoyo. A Shumeka anatambasula zala za mwanayo chimodzichimodzi, n'kuibisa nsapatoyo m'jekete.

Maliro atatha, azilamu awo atatu anasonkhana m'chipinda chochezera, zikwanje zili pamiyendo. Wina anali atawauza kuti a Shumeka anatola chinthu m'dzanja la malemu.

"Alamu, tchulani dzina," anatero wamkulu. "Zinazo tisiyireni ife."

"Ndikudziwa zimene mukachite," anayankha a Shumeka.

Ankadziwadi. Dzana lake gulu la azilamuwo linali litagwira munthu wina pongomuganizira, kumuveka tayala ndi kumuyatsa, ndipo zinadziwika pambuyo pake kuti tsiku la chipolowe munthuyo anali kuchipatala ndi mkazi wake. Kupita kupolisi nako kunali kupereka dzina kwa azilamu omwewo, pakuti nkhani za kumeneko zinkafika kumsika dzuwa lisanalowe.

Mlamu wamkulu anawamenya chibakera pakamwa, mano awiri n'kugwera pasimenti. Wachiwiri anawaponda m'nthiti. Mwana wamkazi, wa zaka khumi ndi zinayi, ankaonera pachitseko cha kuchipinda. Akazi awo sanaleretse. Anagwada pafupi nawo n'kunena kuti, "Bambo a ana, amene tamukwirira uja ndi mwana wanu. Nenani."

"Sindinena," anatero a Shumeka, magazi ali chuchuchu.

Tisaganize kuti mumtima mwawo munali mtendere. Iwo eni anauza wansembe wa nthawi imeneyo kuti ankafuna Wang'oma afe, afe imfa yowawa, ndipo kwa miyezi ingapo akafika pa mawu okhululukira m'pemphero la Ambuye pakamwa pankauma gwa. Chimene chinawagwira n'chakuti anali atamupempherera mnyamatayo Lachisanu, ndipo sanaone njira yomuperekera kwa oveka anthu tayala Lachinayi. Ankati, "Sindingamupereke kwa Mulungu ndi dzanja ili, kenako kumoto ndi linali."

Mwezi usanathe, akazi awo analongedza. Kutsidya nkhondo inali itatha, ndipo obwera ambiri ankabwerera. Pokwera basi mayiwo anati, "Mwasankha wakupha kusiya mwana wanu. Khalani naye." Anatenga mwana wamkazi n'kupita. A Shumeka anatsala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo kwa owauza kuti atsatire banja ankayankha kuti, "Mwana wanga wagona m'dothi lino. Ndipite kuti?"

Nsapato ija anaichapa magazi, n'kusoka pamene inang'ambika. Lamulungu lina Misa itatha anamuitanira Wang'oma kuseri kwa tchalitchi n'kumupatsa kapepala kokulunga. Mnyamatayo atatsegula, anakhala pansi pafumbi.

"Nsapato yako ya kumanzere," anatero a Shumeka. "Ndaisoka."

"Mukandinenera?"

"Pakamwa ponena ndi pako, mwanawe. Ine ndidikira."

Anadikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Wang'oma anasiya kwaya, analowa mowa ndi ndewu, ndipo ife tinkangoti mwana walowerera. Tsiku lina anafika pakhonde la sitolo ataledzera, anagubuduza benchi, n'kuwamenya a Shumeka ndi thabwa mpaka kuwathyola mkono, akukuwa kuti, "Nenani! Bwanji simukunena? Mukufuna ndipenge?" Anthu anamugwira kuti amuphe pomwepo, koma a Shumeka anamugwera pamwamba ndi mkono wolendewerawo. Kuchipatala sananame. Anangoti, "Andimenyadi, koma ndi nkhani yathu."

Pang'ono ndi pang'ono Wang'oma anazizira. Anaphunzira kuwotcherera zitsulo, anasiya mowa, anabwerera kutchalitchi, ngakhale ng'oma sanaigwirenso. Nthawi imeneyo uthenga unafika wakuti akazi a a Shumeka anamwalira kutsidya, ndipo unafika maliro ataikidwa kale. Mayiwo sanawalembere kalata ngakhale imodzi. Alipo pakati pathu amene amati a Shumeka anawalakwira akazi awo, ndipo ife sititsutsa, pakuti eni akewo ankatero. "Mayi uja ndinamumana chinthu chokhacho chimene anandipempha," ankanena, misozi ili m'maso.

A Shumeka atafa ziwalo mbali imodzi, Wang'oma anayamba kubwera m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, kudzawasambitsa, kuwameta ndi kuwachapira. Tinkamuyamikira paguwa ngati chitsanzo cha chikondi, osadziwa kanthu, ife anthu odziwa zonse za eni ake. Koma mawu ovomera mlandu uja Wang'oma sanawanene. A Shumeka ankaopa chinthu chimodzi, kuti afa asanawamve, ndipo munthuyo adzatsala ndi katundu wake yekhayekha.

Matenda atakula, mwana wamkazi uja anabwera. Tsopano anali mayi wa zaka makumi anayi, namwino, wolankhula mosazungulira ngati mayi ake. Anafika ndi galimoto kuti awatenge bambo ake akafere kwawo. Iwo anakana. M'mawa mwake analowa m'chipinda n'kupeza Wang'oma atanyamula beseni la madzi ofunda, atawasambitsa kale mbali imodzi.

"Zikomo achimwene, mwatigwirira ntchito," anatero. Kenako anakhala pabedi. "Bambo, kupita mwakana, chabwino. Koma amalume onse anamwalira, palibenso wa chikwanje. Amayi anafa akufunsa. Ine ndisafenso ndikufunsa. Anapha achimwene anga ndani?"

A Shumeka sanamuyang'ane Wang'oma. Anayang'ana kudenga n'kunena ndi lilime lolemera kuti, "Sindinena, mwana wanga."

Wang'oma anaika beseni pansi pang'onopang'ono, n'kugwada.

"Ndine, achemwali. Tinalipo ambiri, koma chitsulo cha m'mutu ndinamenya ndine. Anandigwira phazi akunditchula dzina, ine n'kumenyanso."

Mayiyo anaimirira. Anatola beseni lachitsulo lija, madzi n'kukhuthukira pansi, ndipo anamumenya nalo kumaso. Mphuno inathyoka. Anamumenyanso, ndi kumenyanso, akulira mokuwa, akutchula mchimwene wake, mayi ake, zaka zonse zimene anakula opanda bambo. Wang'oma sanakweze dzanja. Beseni litapindika anamumenya ndi manja, mpaka mphamvu zinamuthera n'kukhala pansi m'madzi osakanikirana ndi magazi.

A Shumeka ankalira, koma nkhope yawo inali itamasuka moti mwana wawo akuti sanaionepo chotero. Patapita nthawi anati, "Mwatha? Mbali inayi sinasambe, ndipo ndikumva kuzizira."

Namwinoyo anayesa kuwatembenuza yekha, koma bambo ake anali olemera. Anayesanso, osatheka. Osamuyang'ana munthu wogwadayo, anati, "Iwe, kasambe m'manjamo, udzagwire kumapewa." Anawasambitsa awiriwo, wina akusisima, wina magazi akudontha pamalaya.

A Shumeka anakhalanso masiku awiri. Analandira masakramenti, anayesa kuimba ndipo nyimbo sanaigwire, ndipo Lachisanu m'mawa dzuwa litalowa pawindo anagona tulo tosadzuka, mwana wawo atawagwira dzanja. Mawu omaliza amene anamveka anali akuti, "Ndatopa bwino."

Mwana wawoyo sanaunyamule mtembo kupita nawo kutsidya. Anawaika kuno, pafupi ndi wachisamba wawo. Tsiku lotsatira Wang'oma anapita yekha kupolisi kukadzipereka, ndipo pano ali m'ndende kudikira mlandu. Namwinoyo anatiuza poyera asanakwere galimoto kuti sanamukhululukire, ndipo sakudziwa ngati adzatero. Ife sitinamulalikire, pakuti pa tsiku la chipolowe lija ambirife tinali titatseka zitseko zathu.

Ambuye awalandire a Shumeka, amene tinkawatcha obwera pamene iwo ankasunga moyo wa mwana wathu. Sabata yatha ku ofesi ya parishi kunafika uthenga wochokera kutsidya, wa mzere umodzi wokha, wochokera kwa mwana wawo uja. Akufunsa kuti, "Kodi alipo amene akukamuona kundendeko?" Mpaka lero sitinamuyankhe, chifukwa palibe amene wapitako. Tsiku loona akaidi ndi Lachinayi.