Ayisikilimu wa Dongo

Ndikukumbukira khonde la kuseri kwa tchalitchi cha ku mishoni kwathu, m'mapiri a Dedza, pamene masisitere anatsegulapo sukulu ya mkaka. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo amayi a m'mudzi ankaitanidwa kawirikawiri kukayeserera magule a pamsonkhano, mwina tsiku lathunthu, kusiya minda ndi ana. Ife ang'onoang'ono tinkasiyidwa pakhondepo. Ine ndinali ndisanayambe sukulu yeniyeni, ndipo mlongo wanga Lusiya anali wonditsatira. Bambo athu anali ku Joni, ndipo tinkangowadziwira pa chipewa chimene anasiya chili pamsomali.

Chimene chinkatidzutsa m'mawa, nkhungu itaphimba phiri, sichinali nyimbo kapena Tikuoneni Maria ayi. Linali phala. Ankaphika ndi a Nachisale, mayi wamasiye wopanda mwana, wosayankhulayankhula. Linali phala lothira nsinjiro, ndipo pambuyo pake aliyense ankalandira kapu ya mkaka wa ufa wofunda. Chaka chimenecho Lusiya anali atadwala chikuku, ndipo thupi lake silinabwererenso mwakale. Miyendo inali ngati mapesi. Kunyumba nkhokwe inali itapepuka kale, tikudalira kachewere wowiritsa ndi nkhwani wopanda mafuta. Phala la a Nachisale ndilo linkamugwira mwana uja.

Titatha kudya tinkachita ntchito za manja ndi Asisitere, mzungu wamtali wa manja ofiira. Tinkaumba ng'ombe, kuluka timikeka ta mlaza, kusoka masamba ndi minga. Tsiku lina, mvula yoyamba itagwa ndi matalala, anabwera ndi chithunzi cha mwana wa kwawo akunyambita kanthu koyera kokhala pa chinthu chosongoka kumunsi. Anati dzina lake ndi ayisikilimu, ndi mkaka wothira shuga, wozizira ngati matalala. Tinaseka mpaka kugubuduka. Kwathu kuno, kumene mu Juni zala zimauma ndi chisanu, munthu n'kuwononga mkaka ndi shuga pouziziritsa dala! Mnzathu wina anafunsa ngati kwawoko kulibe nkhuni.

Kenaka anatigawira dongo. Aliyense anaumba kanthu kosongoka kumunsi, kotakasuka kumwamba, kotalika ngati chikhatho. Tinayanika padzuwa, ndipo titabweranso tinamata thonje la kuchipatala pamwamba pake ndi ulimbo wa ufa wa chinangwa. Pamapeto pake Asisitere anatipatsa mkanda wofiira mmodzimmodzi kuti tiike pansonga pa thonjelo, amati ndi chipatso. Ndikukumbukira fungo la dongo lonyowa ndi thonje lomatirira ku zala. Ana ena anayesa kunyambita n'kuyamba kulavula ulusi. Kanga kanathyoka tisanafike ndi pachitsime pomwe. Koma Lusiya anaumba kake bwino koposa tonse, anakasalaza ndi malovu, n'kukanyamula ndi manja awiri mpaka kunyumba. Poopa kuti ndingamuthyolere, anakabisa kumutu kwa mphasa yake osauza munthu.

Khirisimasi ili pafupi, mapazi a Lusiya anayamba kutupa. Tsitsi linafiira n'kumathothoka. Amayi anatumiza mawu kwa atsibweni, mlongo wawo wamkulu, amene anali mwini mbumba, pakuti bambo kunalibe. Atsibweni anabwera masana, n'kunena kuti mwana atulutsidwe aothere dzuwa ndipo mphasa ikutumulidwe. Amayi atanyamula mphasa ija, kanthu kaja kanagubuduka mpaka pakhomo. Kanali katada ndi utsi, thonje litasanduka lotuwa, mkanda wofiira uli psuu pamwamba.

Amayi anakuwa n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Atsibweni anabwerera m'mbuyo. Kwa munthu aliyense wa m'mudzi mwathu, chinthu chosongoka chotero, chotsekedwa kukamwa, chokhala ndi mkanda, chopezeka kumutu kwa mwana wodwala, chinali ndi dzina limodzi lokha. Inali nyanga ya ufiti.

"Wakupatsa ndani chimenechi?" anafunsa atsibweni.

Lusiya anangolira, akutambasula manja kuti amupatse.

Ndinati, "Atsibweni, ndi ayisikilimu. Tinaumba kusukulu. Azungu amadya."

"Amadya dothi?"

"Ayi, weniweniyo ndi mkaka wozizira."

"Iwe unamuonapo?"

"Ayi."

"Nanga unamudyapo?"

"Ayi."

"Ndiye khala chete, mphwanga. Mfiti ikamapatsa mwana chinthu, imamuuza kuti ndi chidole."

Sanaganizire Asisitere, pakuti anali munthu wa Mulungu. Anaganizira a Nachisale. Mayi wopanda mwana, wokhala yekha, wophikira ana a anzake tsiku ndi tsiku: kwa atsibweni zonse zinalumikizana. Anatola kanthu kaja ndi timitengo tiwiri, osakakhudza ndi dzanja, n'kukakaponya m'chimbudzi. Pobwera analamula kuti aliyense wa ife asadzapondenso pakhonde lija kapena kulawa chophikidwa ndi mayi uja.

Amayi akanatha kukafunsa ku mishoni. Koma akananena kuti chiyani? Kutchula za ufiti pamaso pa masisitere kunali kudziulula kuti chikhristu chako ndi chapakamwa, ndipo munthu ankatha kuimitsidwa kulandira Ukaristia. Komanso masiku amenewo tinali titazolowera kusafunsa. Nkhani inkathera m'nyumba, chitseko chitatsekedwa. Asisitere atatuma munthu kudzafunsa za ife, amayi anayankha kuti ana apita kwa achibale ku Mozambiki, ife tili zii kuseri kwa chitseko.

Mwezi wa Januwale unali wa njala monga mwa masiku onse. M'mawa mphepo ikachokera ku mishoni, tinkamva kabelu koitanira ana ku phala. Lusiya ankadzutsa mutu, kenaka n'kuugonekanso. Amayi anayesa zonse zimene ankadziwa. Anamumwetsa mizu yowawa imene atsibweni anabweretsa, anamuwaza madzi odalitsa, anapemphera kolona mpaka mawu kusasa. Anamuphikira phala la gaga, lamadzimadzi, lopanda nsinjiro, ndipo iye ankangolisunga m'kamwa. Khungu la m'miyendo linayamba kusupuka. Sankaliranso. Nthawi ina anandifunsa ngati ayisikilimu wake uja anauma bwino, ine ndinati inde.

Pamene amayi ananyamuka naye kupita ku chipatala cha ku Boma, chimanga chili ndi ngayaye, anabwerera panjira. Amayi anafika naye ali kumsana, nsalu itaphimba mutu. Pamaliro a Nachisale anabwera ndi mtolo wa nkhuni, anautula, n'kukhala kumapeto kwa amayi anzawo. Palibe anawayankhula. Sindikhulupirira kuti anadziwa chifukwa chake.

Panapita zaka zambiri. Ndinali nditakwatira kale pamene ine ndi malemu mkazi wanga tinaperekeza amayi ku Boma kukaonetsa maso awo. Tikudikira basi, mwana wina wovala bwino anatuluka m'sitolo akunyambita kanthu koyera kokhala pa chinthu chosongoka kumunsi. Amayi anamuyang'ana mpaka anakhota pangodya. Kenaka anandigwira mkono.

"Chimene akudya mwana uja n'chiyani?"

Ndinawauza dzina lake.

Basi inabwera, anthu anakwera, inapita, ife tili pomwepo. Mkazi wanga anawafunditsa nsalu yake ngakhale kunali dzuwa. Pomaliza amayi anati, "Unanena, mwana wanga." Sanayankhulenso za nkhaniyi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Lero zinthu zasintha. Ayisikilimu amagulitsidwa pa njinga m'mbali mwa msewu, ndipo adzukulu anga amamulirira ngati ndi mankhwala. Sukulu za mkaka zili pafupifupi m'mudzi uliwonse, ana amaumba ndi kujambula zinthu zimene agogo awo sanazionepo, ndipo palibe amadabwa. Koma zambiri mwa sukuluzo dzina lokha ndilo la mkaka, mphika suikidwa pamoto, ndipo mu Januwale ndimaonabe ana a tsitsi lofiira akubwera ku Misa ali kumsana.

Sindiweruza atsibweni. Ankamukonda Lusiya, ndipo anachita chimene ankadziwa kuti ateteze mbumba yawo. Sindiweruza amayi, kapena Asisitere amene anangofuna kusangalatsa ana. Ndafufuza kwa zaka zonsezi woti ndimuloze chala, ndipo sindinamupeze. Mwina n'chifukwa chake chilondachi sichipola. Mwezi wa Novembala ukafika, popempherera mizimu ya omwalira, ndimatchula mkazi wanga, amayi, atsibweni ndi Lusiya. Ndimatchulanso a Nachisale, pakuti analibe mwana woti awatchule.