Mitu Iwiri Pakhonde la Golosale

Fungo la nzimbe zopsa, eee, mpaka lero limandinyamula n'kukanditula ku Dwangwa. Inali nyengo yodula nzimbe. Phulusa lakuda linkagwa ngati mvula yopanda madzi, pa zovala, pa chinangwa choyanika, paliponse. Ine mano akutsogolo anali asanamere onse.

Amayi ankaluka tsitsi pakhonde la golosale. Kulemba sankadziwa, ndiye chikwangwani cha mitengo analibe. Chikwangwani chawo tinali ife, ana awo awiri. Mwezi ukatha, anthu akalandira, ankatikhazika pamphasa moyandikana, mitu ili nyezinyezi ndi mafuta. Mkulu wanga Asiyatu ankasenza luko lodula: timizere tozungulira ngati nkhono, ulusi wakuda pamwamba, mikanda kunsonga. Langa linali lotchipa, mizere yolunjika ngati m'munda wa chinangwa.

Azimayi akabwera ankayamba ndi Asiyatu. Amugwire mutu, amutembenuze uku, amutembenuze uko. "Make Asiyatu, ili ndi zingati?" Amayi ankatchula mtengo osaphethira. "Iii, mufuna amuna anga andithamangitse? Basi, ndilukeni ngati kamwanaka." Chala chinkaloza ine, maso ali kwina.

Nanenso ndinkafuna kugwiridwa mutu. Ndinalira, ndinalira, ndinakana kondowole, mpaka Amayi anati, "Chabwino, mwezi uno musinthane. Koma usadzandilirire."

Analuka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Khungu linakokeka, nsidze zinakwera, kuseka kunkapweteka. Kunyanja osamira, ndowa osasenza, pogona chafufumimba. Koma ndinavina ine, ndinavina njira yonse, mikanda ikulira!

Tsiku la malipiro linafika. Azimayi anandigwira, ananditembenuza, anandiyamikira. Akamva mtengo ankagwira pakamwa n'kuloza Asiyatu ndi mizere yake yolunjika. Woyamba choncho, wachiwiri choncho, mpaka dzuwa kulowa. Langa palibe anasankha. Asiyatu ankangotafuna nzimbe. Amayi manja anali kalikiliki, nyimbo ili pakamwa, ndipo pobwerera anagula nsomba yaikulu.

Ine nsombayo siinandikomere. Ndinkati nkhope yanga yaipitsa luko la Amayi. Sindinakumbukire kuti ngakhale pamutu pa Asiyatu, luko lija linkangogwiridwa, osagulidwa.

Lero mdzukulu wanga wamkazi ali ndi saluni ku boma, mitengo yolembedwa pakhoma. Anandiwerengera yonse, poti ine zilembo zimandithawa. Ndinamufunsa kuti mtengo wapamwambawo amalipira ndani.

"Palibetu, agogo," anatero. "Ulipo kuti yapansiyi ioneke yofewa."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndiye kuti mizere ndinkaikana ija ndiyo inkatidyetsa, ndipo nkhope yanga inalibe mlandu. Mzere wapamwamba wa chikwangwanicho ndinaukhalapo ine, mwezi wathunthu, nsidze zili m'mwamba.