Chimfine cha Ba Mainess

Ba Mainess Tembo ankakazinga zitumbuwa pamsika wa Mtendere, ndipo m'komboni simunkachitika maliro iwo osapitako kukaphika. Mowa sanaulawepo chibadwire. Mng'ono wawo Hilda amanena zimenezi mpaka lero, mwaukali.

Nyengo ina yozizira Ba Mainess anadwala chimfine. Chifuwa chitangoyamba kuchepa anabwerera kumsika, mutu ukuwawabe, thupi lili moto. Tsiku lina masana anachoka pambaula n'kuyamba kuyenda dzandidzandi, akulankhula zosamveka. Kenako anagwa pansi n'kumaphiriphitha.

Anthu anawazungulira, koma panalibe amene anathamangira galimoto. Aliyense anatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

"Onani, ba mai ba ku chechi bakolewa na mowa!" anafuula mayi wina wogulitsa tomato, anzake n'kufa nacho chiseko.

Hilda anamva nkhaniyi ataona kanemayo pafoni ya mnzake. Anapeza mkulu wake ali gone m'fumbi dzuwa litapendeka, ndipo anawatengera kuchipatala yekha. Dokotala anati chimfine chija chinatupitsa ubongo, ndipo anafunsa chifukwa chake anachedwa nawo chonchi.  Hilda akanati chiyani? Kuti msika wonse unali kalikiliki kujambula?

Ba Mainess anapulumuka, koma nkhope zambiri anaziiwala. Amayi a pamsika aja akabwera kudzazonda, iwo amangowamwetulira ngati alendo abwino.

Hilda ndiye samwetulira. Amawapatsa mpando, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

"Muli na mwai, beve banakuibalani," amatero. "Ine nikukumbukani monse."