Manegativu a Bambo Anga

Bambo anga anali wojambula zithunzi woyenda pa njinga. Ankachoka ku Mangochi boma kamera ili pakhosi, n'kukafika mpaka ku Makanjira, kujambula maukwati, anyamata otuluka ku jando ndi asodzi amene agula bwato latsopano. Atamwalira anandisiyira zitini zitatu za mabisiketi zodzaza ndi manegativu, timafilimu takuda totsukira zithunzi. Ntchito yawo ndinaitengera, kungoti yanga ndi ya kompyuta, m'kasitudiyo kanga kapafupi ndi depoti.

Zitinizo ndinazitsegula patapita zaka. Linandilonjera ndi fungo lowawasa ngati la viniga. Mafilimu ena anali atamatana, ena atachita nkhungu ndi chinyezi cha kwathu kuno. Mnzanga wina wogwira ntchito pa loji ku Nkopola anandipezera sikana, makina olowetsera mafilimu mu kompyuta, imene mlendo anaisiya kumeneko. Chotsala chinali kusankha pulogalamu yoyendetsera sikanayo.

Ndinayesa mapulogalamu awiri. Yoyamba inali ya anthu oleza mtima. Imasunga chimene ojambula amati fayilo yaiwisi, ndiye kuti zonse zimene sikana yaona pa filimu, fumbi ndi zokalika zomwe, ndipo iwe umakonza kope lina, choyambiriracho osachikhudza. Mafayilo ake anali aakulu moti kompyuta yanga inkachita kubuula. Yachiwiri inali ndi batani limodzi. Ukadina, fumbi psiti, zokalika psiti, nkhope n'kuwala ngati ya munthu wodzola mafuta pa tsiku la Idi. Mnzanga uja anandichenjeza kuti ndizisungako zaziwisi. Ndinamuyankha kuti ine chachiwisi ndimadya chinangwa chokha, n'kusankha ya batani limodzi ija.

Ndinatha milungu ingapo ndikulowetsa mafilimu, kudina, kusunga. Nkhope sindinkaziyang'anitsitsa, zinali zambirimbiri komanso za anthu osawadziwa. Nditamaliza ndinaona kuti zitini zonunkha zija zilibenso ntchito. Palibe anandituma. Ndinakakhuthulira ndekha m'dzenje la zinyalala masanasana, n'kuyatsa moto, uku ndikuimba mluzu, ndikudzimva kuti ndine mwana amene wapulumutsa ntchito ya bambo ake.

Mbiri inamveka kuti zithunzi za mdala uja zadzuka. Tsiku lina kunafika mayi wina wachikulire wovala mpango woyera, fumbi la pa lole lili m'nsidze. Anali atachokera ku Makanjira. Anandiuza kuti anabwera m'dziko muno ali kamtsikana, pothawa nkhondo ku Mozambiki ndi amayi awo. Amayiwo anajambulidwa kamodzi kokha pa moyo wawo, ndi bambo anga, ndipo anamwalira dzinja lotsatira. Chithunzicho chinaonongeka nyumba itagwa ndi mvula.

"Baba, ana anga agogo awo sawadziwa," anatero m'Chichewa chawo chokokera ku Chiyao. "Inenso nkhope ya amao ikundithawa. Ndikatsinzina ndimangoona mphini zawo basi."

Tinakhala pa kompyuta n'kumatsegula chimodzichimodzi. Dzuwa litapendeka anandigwira mkono. Anali atadzizindikira okha: kamtsikana kopanda nsapato, kanyamula beseni, kataima pakhoma la chigayo pambali pa mayi wamtali. Ndinasangalala zedi. Ndinakulitsa chithunzicho, n'kuchitulutsa pa pepala labwino kwambiri limene ndinali nalo, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachitalikitsa, n'kuchibweretsanso pafupi.

"Nanga awa ndani?"

"Si amayi anu amenewo, mayi?"

"Chitenjechi ndi chawo. Kutalikaku ndi kwawo. Koma amao anali ndi mphini m'masaya monsemu, pamphumi ndi pachibwano. Kwathu akazi a msinkhu wawo ankadziwika ndi zimenezo. Awa ndi osalala ngati mwana wobadwa dzulo."

Ndinabwerera pa kompyuta n'kukulitsa nkhopeyo mpaka kudzaza sikirini yonse. Pamasaya panali timagawo tosalala mosakhala bwino, ngati dothi lozira ndi chala. Pulogalamu ija inaona mizere pankhope, n'kuyesa kuti filimu inakalika, ndiye inagwira ntchito imene ndinaituma.

Ndinatsegula zithunzi zina. Agogo a m'maukwati onse anali osalala nkhope. Asodzi anali atatambasula manja kunyamula maukonde opanda ulusi. Ngakhale njinga ya bambo anga, imene inalowa pakona pa chithunzi china, inalibe masipoko. Milungu yonse ija ndinkayamikira kuyera kwa zithunzi, osaona kuti ndikufufuta anthu. Ndinachita mantha, kenako manyazi. Ndikanasankha pulogalamu ya oleza mtima ija, mphini zikanakhalamo mu fayilo yaiwisi, kungodikira kuti ndizitulutse.

Mayi aja zonsezi sankazitsata. Anafunsa funso losavuta.

"Palibe kanthu, baba. Tengani kafilimu kakuda kaja mutsukenso. Bambo anu ankati nkhope ya munthu imakhala m'menemo."

"Ndinawotcha, mayi."

"Mwati bwanji?"

"Ndinawotcha onse."

Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangoti "Subuhanallah" chapansipansi, n'kukhala pa benchi chithunzi chili pamiyendo. Panja ma kondakitala ankaitanira anthu a ku Namwera, ine n'kumalakalaka nditakwera n'kupita.

Patapita kanthawi anapempha cholembera. Ndinawapatsa chakuda chosongoka chimene ndimalembera kuseri kwa zithunzi. Anayala pepala lija pa kauntala, n'kuwerama. Dzanja lawo silinali lozolowera cholembera, koma mizere inatuluka yowongoka: pamphumi, pachibwano, itatu patsaya lamanja. Atafika patsaya lamanzere analemba itatu, n'kuima. Cholembera chinatsala m'malere. Anatsinzina, n'kutsegulanso maso.

"Mbali iyi inali itatu kapena inayi?"

Ankafunsa ine, poti panalibenso wina woti amufunse.