Ndinazula Zikhomo za Ana a ku Yunivesite

Inu owerenga, ine ndine munthu waukali, sindibisa. Ukali umenewo ndi umene unamanitsa mudzi wathu madzi a m'mipope. Dzina sinditchula, koma a kwathu kufupi ndi Masambanjati akawerenga adziwa kuti ndi ine.

Ndinagwira ukapitawo ku esiteti ya tiyi zaka zambiri, kenako ndinabwerera kudzalima tiyi pa kamunda kathu. Kuno ku Thyolo malo ndi ochepa. Ukaona mlendo atanyamula tepi yoyezera malo ndi zikhomo, mtima umathamangira kumodzi basi, kuti abwera kudzadula munda. Tinakula tikumva zimenezo.

Chaka china m'chilimwe kunabwera ophunzira anayi a ku yunivesite, a uinjiniya wa zamadzi. Anali m'chaka chomaliza, ndipo ntchito yawo ya pagulu inali kujambula pulani yotengera madzi pa kasupe wa kuphiri kufika m'mudzi, oyenda okha m'mapaipi popanda injini. Bungwe lina linalonjeza kumanga pulaniyo ikatheka. Zonsezi anafotokoza pamsonkhano wa komiti ya madzi. Ine sindinapiteko, ndinati misonkhano ndi ya anthu osowa chochita. Akazi anga, amake Esinati, atayamba kundifotokozera ndinawadula mawu.

Milungu isanu ndi umodzi anawo ankakwera phiri kukayeza madzi a pa kasupe ndi ndowa ndi wotchi, n'kumalemba m'buku. Ankafuna kudziwa ngati kasupeyo angakwanire mudzi wonse pa nthawi imene madzi amachepetsetsa, mvula isanagwe.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza zikhomo zopaka penti wofiira zitandanda pakati pa tiyi wanga. Mutu unangoti waa! Sindinafunse munthu. Ndinazula zonse, ndipo ndinalondola mzerewo mpaka ku kasupe kumene ndinawapeza ana a ku yunivesite aja atanjuta. Ndinawakalipira kuti akauze amene wawatuma kuti munda uwu sudulidwa ine ndili moyo. Mtsikana amene ankatsogolera gululo anaimirira mwaulemu nati, “Bambo, apa pangodutsa paipi pansi, tiyi wanu sitikhudza. Taonani m'bukumu.” Anandipatsa yekha bukulo ndi manja awiri. Ine ndinalikhadzula pakati n'kuliponya m'matope, ndinalipondanso ndi jombo. Sanatukwane. Anangogwada n'kumatola mapepala onyowawo, inki itasungunuka kale.

Sabata yomweyo mvula yoyamba inagwa. Kasupe anadzaza, ndipo zoyeza za chilimwe sakanathanso kuzibwereza mpaka chaka china. Zimene anasunga m'foni zinali za masiku oyamba okha. Aphunzitsi awo anati anawo asabwererenso kumene anaopsezedwa, ndipo ntchito inasamukira kumudzi wina cha ku Mphuka. Ndinamva kuti gululo linachedwa kumaliza sukulu chifukwa cha ine.

Lero ku mudzi umenewo akutunga pa mpope. Kwathu amayi akutsetserekabe kuchigwa kukatunga madzi. Dzinja lapitali amake Esinati anaterereka pokwera ndi ndowa pamutu, anathyoka m'chiuno. Ku chipatala cha pa Boma anachita zimene akanatha, koma mpaka pano amayenda ndi ndodo, pang'onopang'ono, kungofika pakhonde. Sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zimandipweteka kwambiri.

Tsopano madzi ndimatunga ndine. Ndikafika kuchigwa ndi zigubu, amayi amaleka macheza. Wina anandifunsa tsiku lina kuti, “Akapitawo, tiyi uja ali bwanji? Sanadulidwe?” Palibe anaseka.

Abale anga, makamaka inu abambo anzanga a mitima yapachala, msonkhano ukaitanidwa pitani. Mkazi wanu akayamba kulankhula, mumulole amalize. Mukaona chinthu chachilendo m'munda, funsani kaye, kufunsa sikutenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Ndipo iwe mwana wanga wa ku yunivesite amene ndinakukhadzulira buku, ngati ukuwerenga, ndikhululukire. Dzina lako sindinafunse n'komwe.